Mubwerako nthawi yanji?

Papita zaka zitatu tsopano, koma funso lomwe anandifunsa mkulu wina pagombe silinandichoke m'mutu. Anali atakhala pa bwato lovundikira akusoka ukonde, ataluma ulusi kukamwa. Ine ndinali kalikiliki kumasula malamba a boti langa pa ngolo, uku mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 14, akutsitsa mbedza ndi chigubu cha mafuta m'galimoto.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Ndadzuka, kaya inu. Mukutuluka?"

"Ee, tikaponyeko mbedza kuseri kwa thanthwe uko."

"Mubwerako nthawi yanji?"

"Cha m'ma 1 koloko."

Analavula ulusi uja n'kuyang'ana kumathiriro a mtsinje, komwe madzi ake amakumana ndi nyanja yamchere. "Nthawi imeneyo khomo limakhala lotseka, mwana wanga."

Ndinayang'ana komwe iwo ankayang'ana. Madzi anali phee, mpata waukulu woti maboti khumi n'kudutsa nthawi imodzi. Ndinaganiza kuti akunena chipata cha pamsewu wolowera pagombepo, ndipo poti pobwera sindinaone chipata chilichonse, ndinangothokoza n'kupitiriza zanga. Sindinafunse kuti khomo lake liti. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo ndinadyetsanso mwana wa mwini.

## Chomwe ndinakondera malo aja

Malo aja ndinawasankha ndekha, ndipo mumtima ndinkati ndasankha bwino. Panali chitsetso cha simenti cholowa m'madzi, galimoto inkafika m'mphepete mwenimweni, ndipo poti ndi mkati mwa mtsinje, munalibe funde ngakhale limodzi. Boti langa ndi laling'ono, mamita 4, losafolera pamwamba, la kainjini ka 15 horsepower. Kulitsitsa pamalo otero n'kosavuta ngakhale uli wekha.

Lero ndikaziganizira ndimaona kuti zifukwa zanga zonse zinali za kulowa m'madzi. Panalibe ndi chimodzi chomwe chokhudza kubwerera.

Ine boti ndinaphunzirira pa madzi osakwera ndi kutsika, oti pomwe wawasiya m'mawa ndi pomwe uwapeze madzulo. Nyanja yamchere siitero. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri n'kuphwa kawiri pa maola pafupifupi 24 ndi mphindi 50, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kuchokera pomwe adzaza kufika pomwe aphweratu pamadutsa maola 6 ndi mphindi zowerengeka. Kukula kwa kusinthaku kumasiyana malo ndi malo: m'mbali zambiri za nyanja ya Mediterranean sikufika ndi theka la mita lomwe, pomwe ku Bay of Fundy ku Canada kumafika pafupifupi mamita 16. Zonsezi ndinali nditawerengapo. Kungoti ndinkazisunga m'mutu ngati nkhani ya m'kalasi, osati ngati chinthu chomwe chingandiyimitse panjira ndili ndi mwana m'boti.

M'mawa umenewo tinatsitsa boti 8 koloko, madzi atatsala ola limodzi kuti adzaze. Tinadutsa pamathiriro paja osamva kugwedezeka kulikonse. Pansi pa boti panali chitunda cha mchenga chomwe sindinachione, chifukwa madzi anali atachikwirira.

## Funde limabisa nkhope

Tinawedza bwino ndithu. Cha m'ma 11 kamphepo kanayamba kuchokera kunyanja kulowera kumtunda, monga imachitira tsiku lotentha: nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wa pamtunda n'kukwera, wa panyanja n'kuthamangira m'malo mwake. Pomwe dzuwa linkapendeka, kamphepo kaja kanali katakula. Tinazula nangula n'kuyamba ulendo wobwerera.

Pali chinthu chomwe palibe anandiuzapo, ndipo ndikufuna aliyense wowerenga achigwire. Funde ukaliona uli kunyanja, umaliona kumsana. Msana wake ndi wosalala, wozungulira, wooneka wofatsa. Nkhope yake, mbali yomwe yaima chilili n'kugwa, imayang'ana kumtunda. Chomwe ndinkaona patsogolo panga ndi misana ya mafunde ndi kautsi koyera kouluka kuseri kwake. Mkokomo sindinaumve chifukwa cha injini.

Ndinachepetsa liwiro n'kuyandikira. Madzi anasintha mtundu, kuchoka kobiriwira kufika kofiirira ngati a m'chithaphwi. Kenako boti linanyamuka chakumbuyo, mutu wake n'kuloza pansi, ndipo linayamba kuthamanga lokha liwiro lomwe kainjini kanga sikangapereke. Chogwirira cha injini chinapepuka m'dzanja mwanga. Ndinakankhira uku, boti osamvera, likungopotokera chammbali. Ndinaona mnyamata uja atagwira thabwa lokhalira ndi manja onse, misempha ya m'mikono itatuluka, maso ali pa ine osati pa madzi.

Funde lija linadutsa pansi pathu lisanasweke lonse, koma nsonga yake inakhuthukira m'boti kudzera kumbuyo, pomwe pamakhala injini. Lotsatira linali locheperapo. M'kampata kameneko ndinatembenuza boti, mutu kuloza kunyanja, n'kutsegula injini yonse. Tinakwera mafunde awiri, boti likumenya pansi kuti phwa, mpaka madzi anabwereranso mtundu wake wobiriwira.

"Amalume, madzi adutsa akakolo."

Ananena motsitsa, ngati akuopa kuti nyanja imva. Ndinamupatsa chigubu chodula chokapira madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Zidebe 10 za malita 20 ndi makilogalamu 200, ngati anthu akuluakulu atatu alowa m'boti mwadzidzidzi, anthu ake osakhazikika, ongothamangira mbali yomwe boti lapendekera. Funde lina limodzi likanatipeza tili chammbali ndi madzi amenewo, nkhaniyi akanalemba wina.

Sindinapulumuke chifukwa cha luso. Kutembenuza boti pakati pa mafunde osweka ndi chinthu choopsa zedi, ndipo zinatheka chifukwa tinali tikadali m'mphepete mwa chitundacho, komanso funde lachiwiri linachepa.

## Maola anayi pa nangula

Tinaponya nangula kutali ndithu, pa madzi akuya, ndipo ndinamasula chingwe chonse chomwe ndinali nacho, poti nangula amagwira bwino chingwe chikatalika kasanu kapena kuposa kuya kwa madzi. Pamenepo ndi pomwe mawu a agogo aja anandibwerera. Khomo linali lotsekadi.

Nditakhala pansi ndinawerengera zomwe ndinayenera kuwerengera usiku wathawo. Madzi satsika mofanana ola lililonse. Amalinyero amagawa kutsika konse m'magawo 12: ola loyamba gawo 1, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Madzi anadzaza 9 koloko. Pofika 1 koloko panali patadutsa maola anayi, kutanthauza kuti magawo 9 mwa 12 anali atapita. Pamalo oti madzi amasintha ndi mamita 3, ndiye kuti mamita opitirira 2 anali atachoka pamwamba pa chitunda chija. Kuwonjezera apo, mwezi unali wathunthu masiku awiri m'mbuyomo, ndipo masiku otsatira mwezi wathunthu kapena mwezi watsopano ndi omwe madzi amadzaza kwambiri, kuphwa kwambiri ndi kuthamanga kwambiri.

Chitundacho chimabwera ndi mtsinje. Mtsinje umanyamula mchenga ulendo wake wonse, ndipo ukakumana ndi nyanja liwiro limatha, mchenga n'kukhala pansi pakhomo penipeni. Funde limasweka madzi akachepa: la mita imodzi limagwa likafika pa madzi akuya pafupifupi mita 1.3. Ndiye onjezani madzi a mtsinje ndi a nyanja yomwe ikuphwa, onse akuthamangira kunja kukagundana ndi mafunde omwe mphepo ikukankhira mkati. Mafundewo amafupika n'kuima chilili. Malo omwe m'mawa anali see, masana anali chipupa.

Maola anayi pa nangula m'boti laling'ono ndi ambiri. Mnyamata uja anasanza kawiri. Madzi akumwa anatha cha m'ma 3. Foni yanga inali itanyowa, ikuyaka n'kuzima. Ndinalibe wailesi ya VHF, yomwe pa tchanelo 16 munthu amaitanira thandizo n'kumveka kwa maboti onse apafupi nthawi imodzi. Chomwe chinkandiwawa koposa n'chakuti mlongo wanga sankadziwa kuti tatsitsira boti pati. Ndinangomuuza kuti tapita kukawedza. Akanati atifunefune, akanayambira kuti?

Mwanayo sanadandaule. Anangofunsa kamodzi, "Amalume, kukada titani?" Ndinamuyankha zoona, kuti madzi ayamba kudzaza ikangokwana 3 koloko, ndipo tidikira mpaka akwirire mchenga. Ndinamumangitsa bwino jekete yoyandamitsa n'kumanganso yanga, yomwe tsiku lonse inali pansi pa thabwa.

Cha m'ma 5:30 mphepo inayamba kufooka, ndipo kunatulukira maboti atatu a asodzi akuchokera kunyanja. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti sanalowe. Anthu odutsa pamenepo tsiku ndi tsiku anaima kunja kwa khomo, injini zikulira pang'onopang'ono, akungoyang'ana. Mmodzi anatiyandikira.

"Achimwene, mwakhala pano kuyambira liti?"

"Kuyambira 1 koloko."

Anagwedeza mutu. "Mwachita bwino kudikira. Zulani nangula mutitsatire. Mukakwera pamsana pa funde mukhale pomwepo. Musalipitirire, komanso lam'mbuyo lisakupezeni."

Tinadikira gulu la mafunde akuluakulu lidutse, kenako tinalowa mondondozana, osati pakati pomwe ine ndinalunjika masana, koma chakumbali, pafupi ndi miyala, pomwe panali ngalande yakuya. Sizinatenge mphindi ziwiri.

Agogo aja anali akadali pagombe. Sanandidzudzule. Anagwira mutu wa boti kuti mnyamata atsike, kenako anati, "Mudzabwere tsiku lina madzi ataphwa. Boti mudzasiye kunyumba."

## Malo ali maliseche

Ndinabwerera patatha masabata awiri, mwezi uli watsopano, nthawi yomwe madzi amaphweratu. Ndinalephera kuwazindikira malo aja.

Chitsetso cha simenti chomwe ndinkachitama chinali chouma kumtunda kokha. Kuyambira chapakati kutsika chinali chokutidwa ndi ndere zobiriwira, zoterera ngati sopo. Ndinaponda ndi phazi limodzi n'kubweza msanga. Pa ndere zotere matayala a galimoto sagwira, ndipo ngolo yolemera itha kukokera galimoto m'madzi. Kumapeto kwake simenti inkathera mwadzidzidzi, n'kusiya phompho lofika m'bondo, lomwe limakula chifukwa cha anthu okweza boti pa ngolo ndi mphamvu ya injini, pulopela n'kumakumba mchenga. Matayala a ngolo akagwera mmenemo satulukamo mosavuta. Kupitirira apo kunali matope okhaokha, mtunda wautali, oti munthu n'kutitimira mpaka m'ntchafu.

Agogo anandiyendetsa mpaka pamathiriro. Chitunda chija chinali poyera, mbalame zikuyendapo. Anandionetsa ngalande yomwe asodzi anadutsamo, n'kunditembenuza kuti ndiyang'ane kumtunda. "Mwauona mtengo wautali uwo? Ukakhala kumbuyo kwa mwala woyera uwo, ziwirizo zitalunjikana, muli m'njira. Zikasiyana, mwaphonya." Kenako anawonjezera kuti chizindikirocho n'cha chaka chino chokha. Mtsinje ukasefukira kapena kukachita namondwe, mchenga umasamuka, ngalande n'kusamuka nawo, ndipo iwo amayambanso kuifunafuna.

Ichi n'chifukwa chake mapu a panyanja, ngakhale abwino, sakwanira pamalo otere. Amakuuza kuti pali chitunda, koma munthu wodutsapo dzulo ndi amene amadziwa pomwe chili lero.

Kuyambira pamenepo sinditsitsa boti pamalo omwe sindinawaone madzi ataphwa. Ulendo woyamba ndimapita wapansi, opanda boti, n'kukhala pansi mphindi 20 kapena kuposa. Mafunde amabwera m'magulu. Pamakhala bata loti munthu n'kunena kuti zili bwino, kenako akuluakulu atatu kapena anayi motsatizana. Woyang'ana mphindi ziwiri amaona bata lokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimayang'ananso mzere wa zinyalala ndi timitengo womwe madzi amasiya pamchenga, chifukwa ndiwo umandiuza pomwe madzi amafika, kuti galimoto ndi ngolo ndiziimike kumtunda kwake. Ndipo ndimakweza maso kuona ngati pali mawaya a magetsi, makamaka ndikakhala ndi mnzanga wa boti la thanga, lomwe mlongoti wake umaimikidwa boti likadali pa ngolo.

## Mphepo yomwe imanamiza

Pa mphepo ndinayenera kusintha maganizo kwathunthu. Kale ndinkasangalala ndikafika pagombe n'kupeza mphepo ikuchokera kumtunda, poti madzi am'mphepete amakhala osalala ngati galasi. Koma bata limenelo ndi la mthunzi wa mtunda basi. Mukamatalikira, mphepo imapeza mpata, mafunde n'kumakula, ndipo injini ikazima mphepoyo imakukankhirani kunyanja yaikulu. Ndi nkhafi ziwiri m'boti lolemera simungalimbane nayo. Mphepo yochokera kunyanja ndi yovuta potsitsa, koma siibisa kanthu: zomwe mukuona pagombe ndi zomwe zili. Vuto lake ndi lakuti injini ikazima imakukankhirani ku chilichonse chomwe chili kumtunda.

Ndiye funso lomwe ndimadzifunsa pamalo aliwonse ndi ili: injini itazima mphindi zisanu nditachoka, kapena mphindi zisanu ndisanafike, boti lingakatsamire pati? Ngati yankho ndi mchenga, ndimatsitsa. Ngati ndi matanthwe, chipupa cha doko kapena njira ya zombo zikuluzikulu, ndimafuna pena. Malamulo apadziko lonse opewera kugundana panyanja, a 1972, amanena pa lamulo 9 kuti boti lochepera mamita 20 lisatsekereze chombo chomwe sichingayende pena koma m'ngalande yopapatiza. Ngakhale lamulolo pakanapanda, chombo chachikulu sichiima pafupi, ndipo woyendetsa wake nthawi zambiri saona kaboti komwe kali pansi pa mphuno yake.

Za mphamvu ya mphepo ndimatsatira muyeso wa manambala, kuyambira 0 mpaka 12, womwe Francis Beaufort, mmalinyero wa ku Britain, anakonza mu 1805. Pa 3, nsonga zoyera za mafunde zimayamba kuoneka apo ndi apo. Pa 4, yomwe ndi mphepo ya makilomita pafupifupi 20 mpaka 28 pa ola, zimachuluka. Kwa boti langa losafolera, 4 ndiye malire, ndipo ndimayang'ana zomwe azanyengo alosera za ola lobwerera, osati la m'mawa.

Ena amati bola gombe lamchenga lotseguka, poti palibe khomo loti litseke. N'zoona mbali ina, koma nalo lili ndi zake. Gombe lotsetsereka kwambiri mafunde amagwera pamchenga penipeni, ndipo boti likangotembenuka chammbali pokocheza, limadzaza kapena kugudubuzika n'kupsinja miyendo ya munthu. Lamulo langa pamenepo ndi limodzi: munthu asaime pakati pa boti ndi mtunda. Ngati pali osambira, ndimachokapo. Pulopela ndi mutu wa munthu wosambira siziyenera kukhala m'madzi amodzi.

Malo omwe ndimawakonda tsopano ndi osaoneka bwino kwenikweni. Ali kuseri kwa ndomo ya mtunda yomwe imatchinga mafunde, msewu wake ndi wa mabampu, ndipo pamafunika kukankha boti pamanja mamita angapo. Koma madzi amakhalapo okwanira kaya adzaza kaya aphwa, ndipo palibe chitunda pakati pa malowo ndi nyanja. Ola lililonse lomwe mwana angadwale, kapena thambo lingade, nditha kubwerera.

## Mwezi watha

Mnyamata uja ali ndi zaka 17 tsopano. Zinatenga chaka chathunthu kuti mlongo wanga amulolenso kukwera boti langa, ndipo sindinamukakamize.

Mwezi watha tinapita kukayesa malo atsopano omwe mnzanga wina anawatama. Tinali titawaona kale madzi ataphwa, ndipo tinkadziwa kuti ali ndi maola ake. Tinafika m'bandakucha, nyanja ili phee, mbalame zikudumphira nsomba pataliko pang'ono. Ine mtima unali kale pamadzi. Ndinayamba kumasula lamba woyamba. Iye anali atatsamira galimoto, akuyang'ana ndandanda ya nthawi za madzi pa foni, akuwerenga ndi zala.

"Amalume, potuluka pali bwino. Koma tikabwera 2 koloko, pano pakhala matope okhaokha mpaka uko kuli mtengo wozikidwa uko. Madzi abwerera kutada."

Ndinatenga foni ija n'kuwerenga ndekha. Anali atalondola. Ndinamanganso lamba uja, tinakwera galimoto, n'kuyenda mphindi 40 kupita kumalo athu a mabampu aja. Nsomba za m'mamawa zinatidutsa. Tisanakankhe boti, anaonetsetsa kuti chitsekero cha kabowo kotulutsira madzi chili m'malo mwake, anandipatsa chingwe chozimitsira injini kuti ndimange pamwendo, kenako anaimbira mayi ake kuwauza dzina la malowo, komwe tikawedze, ndi ola loti akapanda kumva mawu athu ayambe kuimba mafoni.